Ndili m'kati mwa 17,563,749

Anzanga oima pabolodi pano, musathawe mukaona nambala yaitaliyi. Ine ndine wa Fomu 2, ndipo teremu yoyamba masamu ndinapeza 34. Ndanena poyera kuti wina asaganize kuti amene walemba izi ndi katswiri. Mayeso a JCE akutidikira, ndipo chimene chakhala chikundigwetsa ine ndi mantha: ndikangoona nambala yodutsa madijiti anayi, mutu umaima, cholembera chimayamba kuterera. Ndiye ndinati bwanji nditenge nambala imodzi yaikulu, ndikhale nayo mpaka itasiya kundiopsa.

Nambala imene ndinasankha mwaionapo kale m'manotsi athu. 17,563,749 ndi chiwerengero cha anthu a m'Malawi pa kalembera wa anthu ndi nyumba amene anachitika mu Seputembala 2018, motsogozedwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba. Ine ndinali ndi zaka 8. Ndikukumbukira mlendo atakhala pamkeka pakhonde pathu, tabuleti ili m'manja, akufunsa m'Chichewa, anganga akuyankha m'Chiyao, amayi akumasulira pakati. Anatitchula mmodzimmodzi. Amalume anali atapita kale ku Joni, choncho pa anthu okhala pakhomo paja sanalowe. Koma ine ndinalowa. Aliyense wa ife pasukulu pano amene anali m'dziko muno nthawi imeneyo ali m'kati mwa nambala imeneyi.

Chimene chinandiyambitsa kwenikweni ndi mkangano. Tsiku lina pa buleki, mnyamata wina wa Fomu 4 (dzina ndabisa, koma akudzidziwa) anaona nambalayi m'kope langa n'kunena kuti, "Imeneyo ndi prime number, ukuona ikuthera ndi 9." Ine ndinati sindikuvomera, ngakhale chifukwa chokanira ndinalibe. Tinabetcherana zitumbuwa zitatu. Usiku umenewo ndinayatsa tochi n'kuyamba.

Kuiwerenga kaye

Nambala yaikulu musamaiyambe kumanzere ngati chiganizo. Yambani kumanja, muidule m'magulu a madijiti atatu: 749, kenako 563, kenako 17. Gulu loyamba ndi anthu wamba, lachiwiri ndi masauzande, lachitatu ndi mamiliyoni. Basi, yawerengeka: mamiliyoni 17, masauzande 563, ndi 749. Ili ndi madijiti 8.

Mu standard form timalemba 1.7563749 × 10⁷. Ka 7 kam'mwambako kakungowerenga malo amene kadontho kayenda kuchoka kumapeto kufika pambuyo pa 1. Akati muilembe mu 3 significant figures, yankho ndi 17,600,000. Chonde musaiwale maziro. Ine pa mayeso aja funso langati limeneli ndinalemba madijiti atatu okha, ngati kuti dziko lonse la Malawi lili ndi anthu 176, osakwana ngakhale msika wa pa Namwera. Onaninso kuti pozungulitsa chonchi tawonjezera anthu 36,251 amene sanawerengedwe n'komwe.

Kukula kwake ndinakumva nditayesa izi. Tinene kuti aphunzitsi akuitana mayina a Amalawi onse, dzina limodzi pa sekondi imodzi, osapuma, osadya, osagona. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400. Mukagawa mupeza masiku 203, n'kutsala maola 6, mphindi 49 ndi masekondi 9. Kuyamba pa 1 Januwale, angamalize mu Julayi.

Mafunso aang'ono

Prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe basi, monga 2, 3, 5, 7, 11, 13. Kuti ndipambane zitumbuwa zija ndinangofunika kupeza nambala imodzi yokha yogawa 17,563,749 popanda chotsala.

Ya 2 ndi yapafupi. Dijiti yomaliza ndi 9, choncho nambalayi ndi odd. Amalawi onse atati aime awiriawiri, mmodzi atsala yekha. Ndipo popeza 2 walephera, 4, 6, 8 ndi ma even onse agwera limodzi, palibe chowayesera. Ya 5 nayonso ndi yapafupi: siikuthera ndi 0 kapena 5.

Pali njira ina yoonera kuti ndi odd. Kalembera yemweyo anapeza amuna 8,521,460 ndi akazi 9,042,289. Ya amuna ndi even, ya akazi ndi odd, ndipo even kuphatikiza odd nthawi zonse imatuluka odd. Phatikizani nokha muone ngati sizikubwerera pa 17,563,749. Akazi tinaposa amuna ndi 520,829. Anyamata a m'kalasi mwathu amve zimenezi.

Tsopano 3. Lamulo tonse tinaliloweza ku pulayimale: phatikizani madijiti. 1 + 7 + 5 + 6 + 3 + 7 + 4 + 9 = 42. Popeza 42 amagawika ndi 3, nambala yonseyo igawikanso ndi 3. Ndinayesa: 17,563,749 ÷ 3 = 5,854,583, chotsala palibe. Mkangano unathera pomwepo, pasanathe mphindi ziwiri. Si prime, ndi composite. Kuthera ndi 9 sikutanthauza kanthu, paja 9 mwini wakeyo si prime, 39 si prime, 49 si prime.

Koma chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti, lamulo limeneli limagwira bwanji? Ndinali ndikuligwiritsa ntchito zaka zonsezi ngati mankhwala a sing'anga, osadziwa zimene zili m'katimo. Taonani ndi nambala yaing'ono, 749. Imeneyi ndi 7 × 100, kuphatikiza 4 × 10, kuphatikiza 9. Koma 100 ndi 99 + 1, ndipo 10 ndi 9 + 1. Ndiye 749 ndi 7 × 99, kuphatikiza 4 × 9, kuphatikiza 7 + 4 + 9. Zigawo ziwiri zoyambazo zimagawika kale ndi 3 komanso ndi 9, chifukwa muli 99 ndi 9. Chokayikitsa chatsala ndi 7 + 4 + 9 chabe, omwe ndi madijiti aja. N'chimodzimodzi ndi 1,000 amene ndi 999 + 1, mpaka ku mamiliyoni. Choncho kuphatikiza madijiti ndi kutaya zonse zimene tikudziwa kale kuti zikugawika, n'kuyang'ana zotsala zokha. N'chifukwa chake lamulo lomwelo limagwiranso pa 9. Pa nambala yathuyi 42 sagawika ndi 9, amatsala 6, ndiye 17,563,749 nayonso mukaigawa ndi 9 itsala 6. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kutsogoloku.

Ya 7 ilibe lamulo la madijiti lapafupi chotere, koma aphunzitsi athu a masamu anandionetsa kanjira kena nditawafunsa. Tengani magulu atatu aja, muchotse ndi kuphatikiza mosinthanitsa kuyambira kumanja: 749 − 563 + 17 = 203. Nambala yaing'onoyi ikuyankhirani mafunso atatu nthawi imodzi, la 7, la 11 ndi la 13. Chinsinsi chake ndi chakuti 7 × 11 × 13 = 1,001, amene wangoposa 1,000 ndi 1. Tsono 203 ndi 7 × 29, ndiye 7 walowa. 11 akutsala 5, 13 akutsala 8, awiriwa alephera. Ndinagawa 5,854,583 ndi 7, ndipo ndinapeza 836,369 ndendende.

Apa ndinali ndi 17,563,749 = 3 × 7 × 836,369. Zitumbuwa ndinadya m'mawa mwake, koma ntchito yeniyeni inali isanayambe.

Fupa la 836,369

Kodi 836,369 ikuphwanyikanso, kapena ndi prime? 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 onse anakana. 13 ndiye anandipweteka mtima: 13 × 64,336 = 836,368, kuphonya ndi 1 yekha. Ndinayesa 17, 19, 23, osatheka. Ndinayamba kuwerengera kuti ngati ndiyesa manambala onse mpaka 836,368, ndidzamaliza ndili ndi zidzukulu.

Pali mfundo ziwiri zimene zinandipulumutsa, ndipo ngati pali chimene mungakopere m'kope pa nkhani yonseyi, koperani zimenezi.

Yoyamba: yesani ma prime okha. Ngati 15 akanagawa nambalayi, ndiye kuti 3 ndi 5 akanaigawanso. Awo analephera kale, ndiye 15 musamuvutitse.

Yachiwiri: pali malo oimira. Ma factor amayenda awiriawiri, wamng'ono ndi wamkulu. Onani 36: 1 × 36, 2 × 18, 3 × 12, 4 × 9, 6 × 6. Mukadutsa 6 mungoyamba kukumana ndi omwe aja atatembenuka, 9 × 4, 12 × 3. Wamng'ono pa awiriwo sangapose square root, chifukwa onse awiri akaposa, kuchulukitsa kwawo kudutsa nambala ija. Tsono 914 × 914 = 835,396 ndipo 915 × 915 = 837,225. Nambala yathu ili pakati pa awiriwa. Choncho ngati 836,369 ili ndi factor ina, imodzi iyenera kupezeka pa 914 kapena m'munsi. Kuchoka pa manambala oposa 800,000 tafika pa 914, ndipo mwa amenewa tikufuna ma prime okha.

Ma prime amenewa ndinawapeza ndi njira ya Eratosthenes, Mgiriki amene ankayang'anira nyumba ya mabuku ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Njirayi amaitcha sefa, ndipo ndi sefa ndithu ngati ya ufa. Mumalemba manambala onse, n'kusiya 2 koma kudula ana ake onse, 4, 6, 8 mpaka kumapeto. Kenako kusiya 3 n'kudula ana ake, kenako 5, 7, 11, choncho. Mukamaliza ana a 29 mwatha, chifukwa prime yotsatira ndi 31, ndipo 31 × 31 = 961 wadutsa kale 914. Zimene zatsala pamwamba pa sefa ndiwo ma prime. Ine zinanditengera madzulo atatu, nditabwera kotunga madzi, pa mapepala apakati a kope la Agriculture. Ndinapeza 156, woyamba 2, womaliza 911.

Kunena zoona poyamba ndinapeza 157. Ndinali nditasiya 899, amene amaoneka ngati prime weniweni. Mnzanga amene timakhala desiki imodzi ndiye anaona kuti 899 ndi 900 − 1, kutanthauza 30² − 1², ndipo mwa difference of two squares imene taphunzira chaka chino ndi 29 × 31. Ndinachita manyazi pang'ono, komanso aka kanali koyamba kuona algebra ikugwira ntchito kunja kwa mayeso.

Kugawa ka 156 ndekha sindikanatha, foni kwathu ndi imodzi ndipo imakhala ndi amayi. Ndinapita nazo ku study circle yathu. Tilipo 6, ndiye 156 ÷ 6 = 26, aliyense ma prime 26. Awiri anabwereka makakyuleta kwa a Fomu 3, enafe pamanja, kenako kusinthana mapepala kuti wina aone za mnzake. Lachitatu lake mnyamata wina wa m'gulu lathu anakuwa kuti, "Ndaipeza! 547 yalowa!" Tonse tinathamangira. Kakyuleta inkaonetsa 1529.01 ndi timadijiti tina, iye n'kuona ziro uja pambuyo pa kadontho n'kuganiza kuti zatha. Titachulukitsa 547 × 1,529 tinapeza 836,363. Kutsala 6. Pa kugawika palibe zoti "yatsala pang'ono". Yalowa kapena siinalowe. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana kuti aliyense azilemba chotsala chenicheni, osati za pambuyo pa kadontho.

Tinafika pa 911: 911 × 918 = 836,298, kutsala 71. Onse 156 anakana. Choncho 836,369 ndi prime, ndipo 3 × 7 × 836,369 ndiye mapeto, palibenso chophwanya. Mapepala a zotsala zonse ndawasunga, wokayika abwere ku Fomu 2 adzaone.

Ndi ya mtundu wanji?

Mukadziwa ma prime a nambala, zambiri za iyo zimangotuluka zokha. Ma factor onse a 17,563,749 amapangidwa posankha ena mwa atatu aja. Aliyense mwa atatuwo mumutenga kapena mumusiya, ndiye njira zake ndi 2 × 2 × 2 = 8. Nawa: 1, 3, 7, 21, 836,369, 2,509,107, 5,854,583 ndi 17,563,749. Nambala yonseyi, ma factor 8 okha. Pamene 60, kanambala kochepa, kali ndi 12. Kutanthauza kuti boma likanafuna kuika Amalawi a 2018 m'magulu ofanana popanda wotsala, likanatha magulu atatu, 7 kapena 21, ndipo kuchoka apo n'kudumpha mpaka magulu 836,369 a anthu 21. Nambala yopangidwa ndi ma prime atatu osiyana, aliyense kamodzi, akatswiri amaitcha sphenic number. Yaing'ono kwambiri ya mtundu umenewu ndi 30, amene ndi 2 × 3 × 5.

Kodi ndi perfect square? Apa ndi pamene mfundo ya 9 ija ikubwera. Mu square, prime iliyonse imakhala kawiri, kanayi, choncho, chifukwa mwachulukitsa nambala ndi iyo yomwe. Ngati 3 alimo, 3 × 3 ayenera kukhalamo. Yathuyi ikugawika ndi 3 koma osati ndi 9, ndiye si square, osafuna ngakhale kakyuleta. Komabe ndinafuna kudziwa kuti yaphonya motani. 4,190 × 4,190 = 17,556,100 ndipo 4,191 × 4,191 = 17,564,481. Pakanapezeka anthu ena 732, dziko lonse likanaima pa asembule ya mizere 4,191, mzere uliwonse anthu 4,191.

Palinso kagawidwe kena kakale ka Agiriki kamene kanandisangalatsa kuposa zonse. Mumaphatikiza ma factor onse a nambala kupatula iyo yomwe. Zikakwana ndendende, nambalayo ndi perfect. 6 ndi yotero: 1 + 2 + 3. Yotsatira ndi 28: 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Paja maboma a dziko lathu alipo 28, eti? Kenako 496, kenako 8,128, n'zosowa ndithu. Zikaposa, nambalayo ndi abundant, yosefukira. Zikachepa ndi deficient, yoperewera. Yathuyi: 1 + 3 + 7 + 21 + 836,369 + 2,509,107 + 5,854,583 = 9,200,091. Yachepa kwambiri poyerekeza ndi 17,563,749, ndiye ndi deficient.

Ya amuna ija ndiye inandiseketsa. 8,521,460 ikuthera ndi 60, choncho ikugawika ndi 4 komanso ndi 5, kutanthauza 20. Igaweni ndi 2, 4, 5, 10 ndi 20, mupeza 4,260,730, 2,130,365, 1,704,292, 852,146 ndi 426,073. Asanu okhawa akupanga 9,373,606, adutsa kale nambala ija tisanawerenge ena. Ndi abundant. Ndipo si mwayi ayi: theka, kuphatikiza gawo limodzi la 4, la 5, la 10 ndi la 20, zimapanga 22/20, zoposa chinthu chathunthu. Ndiye nambala iliyonse yogawika ndi 20 ndi abundant, kaya ndi yaitali bwanji. Anyamata a m'gulu lathu atamva kuti nambala yawo ndi yosefukira anayamba kudziguguda pachifuwa. Tinawakumbutsa za 520,829.

Pamenepa ndichenjezeko. Mnzanga wina atamva mawu akuti deficient anati, "N'chifukwa chake dziko lathu ndi losauka." Ayi, zimenezo sizikugwirizana. Ganizani izi: tsiku lija mlendo wa tabuleti akanandidumpha ine, mwina nditapita kuchigayo amayi n'kuiwala kunditchula, nambala ikanakhala 17,563,748. Imeneyo ndi even, ikugawika ndi 4 kupereka 4,390,937, ndipo 3 ndi 7 onse sakulowanso. Zonse zimene tavutika nazo sabata ziwirizi zikanasintha chifukwa cha mwana mmodzi wa zaka 8, pamene dziko likanakhala lomwelo, minda yomweyo, msewu wa ku Chiponde womwewo. Kukhala odd, sphenic kapena deficient ndi khalidwe la nambala, osati la anthu amene yawawerenga. Ndiponso nambalayi ndi ya 2018. Mlongo wanga wamng'ono anabadwa kalembera atadutsa, mulibemo. Anganga amene ankayankha mafunso aja alimo, koma anatisiya chaka chatha.

Nditauza aphunzitsi kuti 836,369 ndi prime yaikulu kwambiri imene ndaionapo, anaseka. Anati Euclid anasonyeza kalekale, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, kuti ma prime satha, mukapeza wamkulu pali wina womuposa. Mu Okutobala 2024 munthu wina wa ku America, Luke Durant, anapeza prime pogwiritsa ntchito makompyuta ambirimbiri. Imeneyo mumaipeza pochulukitsa 2 ndi 2 ndi 2, ma 2 okwana 136,279,841, kenako n'kuchotsa 1. Ili ndi madijiti 41,024,320. Yathu ija ili ndi 6. Ndinawerengera kuti Mmalawi aliyense wa pa kalembera uja atanyamula madijiti awiri a nambala imeneyo, limodzi dzanja ili lina dzanja ili, tinganyamule 35,127,498, n'kutsala 5,896,822 opanda wowanyamula.

Ntchito yanu

Kalembera yemweyo anapeza kuti boma lathu la Mangochi linali ndi anthu 1,148,611. Gawani 17,563,749 ndi nambala imeneyi muone kuti pa Amalawi 15 aliwonse, pafupifupi mmodzi ndi wa kuno. Mafunso anga ndi atatu. Loyamba, popanda kakyuleta, kodi 1,148,611 ikugawika ndi 2, 3, 5 kapena 9? Lachiwiri, gwiritsani ntchito kanjira ka magulu atatu kaja muyese 7, 11 ndi 13. Lachitatu, mutafuna kudziwa ngati ndi prime, muyenera kuyesa mpaka pa nambala iti n'kuima? Ndasiya pepala loyera pansipa, lembani yankho ndi kalasi yanu, ndidzachotsa Lachinayi tikamaweruka. Chitumbuwa chimodzi kwa woyamba kukhoza onse atatu, ndipo a Fomu 4 aja akuloledwa kuyesa. Amene mumang'amba mapepala a pabolodi kukakulungira mtedza, ili lokha lisiyeni kaye.